Phazi Lozizira la a Aristeu

Amuna anga a Aristeu anayamba kukonda timu ya Tecelão asanandidziwe ine, ndipo nsanje ndinaisiya kalekale. Mkazi mnzako umatha kumuyendera n'kumutukwana, nanga timu ya mpira ungakaitukwanire kuti? Kuno ku Vila Anhuma mwana amavekedwa malaya ofiira ndi oyera asanabatizidwe n'komwe. Timuyi anaiyambitsa ndi makolo athu, anthu oomba nsalu kufakitale ija inatsekedwa, ndipo bwalo anamanga okha Lamlungu akachoka ku Misa. Apongozi anga anasenza nawo njerwa. Kawiri konse tinatenga chikho cha chigawo chonse, matimu a mumzinda waukulu n'kubwerera kwawo akulira m'mabasi. Nyenyezi ziwiri zili pachifuwa cha malaya athuzi n'za zimenezo, ngakhale ana a lero amayesa n'zokongoletsa chabe.

Koma a Aristeu, munthu wodziwa pamtima aliyense amene anagoletsapo m'bwalo limenelo, anatha zaka zoposa makumi atatu osapondamo. Anali phazi lozizira. Ndi mmene timamutchulira munthu watsoka, amene akangolowa m'bwalo timu imagonja.

Zinayamba chaka chimene tinkasaka nyenyezi yachitatu. Iwo anali ku São Paulo kuntchito ya zomangamanga, timu ikupambana mlungu ndi mlungu. Anabwera kudzaonera masewero omaliza, ndipo anatikwapula pakhomo pathu pomwe. Chaka chotsatira akalowa, tagonja, akalowanso, tagonja. Tsiku lina anagona ndi chimfine, anyamata n'kumwetsa anthu zigoli zinayi. Basi, a Belarmino, mnzawo wa paubwana amene amaimba ng'oma yaikulu ya ochemerera, anakuwa pabala kuti, "Tamupeza phazi lozizira!" Anthu anaseka. A Aristeu anaseka nawo, koma Lamlungu lotsatira anakakhala pansi pa mtengo wa mango woyang'anana ndi geti, kawayilesi kali kukhutu. Anakhazikika pamenepo mpaka tsitsi linachita imvi.

Kodi timu inasiya kugonja? Ayi ndithu! Inkangotsika chaka ndi chaka ngati madzi a m'ngalande. Ndinkawafunsa kuti, "Bambo a Neide, nanga akugonjeranji inu muli panja?"

"Chigoli chimodzi chokha, mayi a Neide. Ndikanalowa bwenzi zili zisanu."

Ungamuuze chiyani munthu wotero?

Chaka chino mavuto anabwera awiri. Matenda a shuga anawadya maso amuna anga, ndipo dokotala ananena mosabisa kuti kuwala kotsalako sikufika Khirisimasi. Masana dzuwa likawala ankaonako pang'ono, koma likangopendeka, basi, mdima. Nayo timu inafika pamapeto. Masewero otsiriza tikagonja, tituluka m'ligi yotsikitsitsa, ndipo akuluakulu anali atagwirizana kale zogulitsa bwalo kwa anthu ofuna kumangapo golosale yaikulu.

M'mawa wina akumwa khofi anangoti, "Mayi a Neide, ndikufuna ndione udzu uja maso asanatsekeke."

Sindinadikire kuti abwereze. Ndinakagula matikiti awiri, n'kuwachapira malaya awo akale a nyenyezi ziwiri. Lamlungu ndinaphika nyemba zakuda ndi mpunga m'mamawa, koma anangolawa.

Pageti panali chinamtindi cha anthu, mbendera, makombola, fungo la nyama yootcha. Ndinawagwira mkono mpaka pachitsulo chozungulira cholowera m'bwalo. Mnyamata wa pageti anang'amba tikiti, iwo n'kukankha chitsulo, phazi limodzi n'kuponda mkati. Pomwepo ng'oma inasiya kulira kumbuyo kwathu.

"Achimwene!"

Anali a Belarmino, mimba patsogolo, thukuta lili kamukamu. A Aristeu anaima.

"Achimwene, lero? Mwa masiku onse, lero?"

"Akufuna aone bwalo, alamu," ndinatero ine. "Maso akutha awa, inunso mukudziwa."

"Ndikudziwa, mlamu, ndipo zikundipweteka. Koma tikapulumuka lero, bwalo likhalapo. Mawa ndiwatenga ndekha, ndiwayendetsa pakati penipeni, akafuna agonepo."

"Nanga tikagonja?"

"Ndiye tisagonje! Mwaiwala chaka chija?"

"Chaka chija munagonja chifukwa goloboyi wanu anagona kubala limodzi ndi inu! Mdala wamkulu ngati inu, ndevu zoyera mbuu, mukuopa phazi la munthu wodwala? Manyazi mulibe?"

Anthu anali atatizungulira. Palibe amene anatukwana, ndipo bola akanatukwana, ndikanadziwa wolimbana naye. Ankangopempha. Mayi wina wogulitsa chimanga chootcha anawagwira dzanja akulira. "Bambo Aristeu, chonde, tichitireni chifundo. Lero lokha." Mnyamata wina amene anali asanabadwe chaka chijacho anavula chipewa n'kuwaweramira.

A Belarmino anatsitsa mawu. "Aristeu, bambo ako anasenza njerwa za khoma ili."

Amuna anga anabweza phazi lija, chitsulo n'kubwerera.

"Tiyeni kumtengo, mayi a Neide."

"Sindipita! Matikiti ndagula, tilowa!"

"Tiyeni. Anthuwa akunena zoona."

Anawaombera m'manja, inu! Anawaimbira ndi nyimbo yomwe, akuti Aristeu ndi mwamuna. Ine ndinawaperekeza kumtengo kuja misozi ya ukali ikutsika, ndipo ndinalakalaka khoma lonselo litagwera ng'oma ija ndi mwini wake yemwe.

Tinakhala pamizu, kawayilesi pakati pathu. Dzuwa linali phwee, lowala bwino, loti akanaona udzu, mizere yoyera, ngakhale malaya a osewera. Ine ndinkangoyang'ana mthunzi wa khoma ukutalika. Kungofanana mphamvu kukanatikwanira. Chigawo chachiwiri chili pakati, woulutsa anatchula chigoli ndi mawu a pamaliro, ndipo kuseri kwa khoma kunangoti zii. Anyamata anayesa, anamenya chitsulo cha golo kamodzi, koma chigoli chija sichinabwezedwe.

Anthu anatuluka ngati akuchokera kumanda. Ena ankang'amba mbendera, ena anangokhala m'mphepete mwa msewu manja ali kumutu. A Belarmino anadutsa ng'oma ili kumsana, osatiyang'ana. Za mawa zija sanazitchulenso.

Geti linali pululu, wolondera palibe. Ndinati, "Dzukani. Masewero atha, palibe chimene mungaononge tsopano."

Tinalowa. Koma dzuwa linali litabisala kale kuseri kwa mipando ya kumadzulo, bwalo lonse lili mumthunzi. Ndinawatsitsa masitepe mmodzimmodzi mpaka tinaponda pofewa. Anatembenuza mutu uku ndi uku, maso ali tong'o.

"Tafika?"

"Tafika."

"Ndi wobiriwira?"

Unali wouma, wa zigamba za dothi, paliponse makapu a mowa. Ndinati, "Wobiriwira kwambiri."

Anagwada, n'kuusisita ndi manja onse awiri, nthawi yaitali. Ine mtima unali utasweka, koma ndinadzitonthoza kuti mwina chinthu chimodzi chatuluka m'tsoka limeneli. Anakhala panja, timu yagonjabe. Tsopano adziwa kuti sanali iwo, afa ali omasuka.

"Mwaonatu, bambo a Neide," ndinatero. "Simunalowe, koma agonja. Zaka zonsezi anakunamizani."

Anapukusa mutu pang'onopang'ono, manja akadali pa udzu.

"Simunaone, mayi a Neide? Pachitsulo paja. Phazi lamanzere linalowa."

"Bambo a Neide, chonde..."

"Linaponda mkati, ndinalimva. Bambo anga anamanga bwalo ili ndi msana wawo, ine ndaligwetsa ndi phazi limodzi." Anakweza nkhope, kundifunafuna kumbali imene kunalibe munthu. "Nanga munandigulira tikiti chifukwa chiyani?"