Malikisi a Chifundo

Fomu ya boma inalowa mu tabuleti Lolemba, deadline Lachisanu 4 koloko. Madamu a kalasi yamasana anaitsegula ali mu staff room, n'kungoti kakasi.

Kalasi yamasanayo inali ya ana 34 amene anatsalira m'mbuyo sukulu zitatsekedwa miyezi yambirimbiri. Ana a zaka khumi, ena khumi ndi ziwiri, koma dzina lawo lomwe pa kope ankachita kulijambula ngati chithunzi. Boma linapereka mabuku, tabuleti ndi lamulo: yesani ana sabata yoyamba, muwayesenso teremu ikamatha, mutumize malikisi onse awiri. Ana akapanda kukwera ndi 20, pulogalamu ichoke, ipite sukulu ina.

Vuto linali sabata yoyambayo. Tsiku la mayeso ana anangokhala duu, maso pa pepala. Kamtsikana kena, anzake amakatcha Kachete, kanangogwira pensulo, misozi ikudonthera pa funso loyamba. Madamu mtima unawawa. Anayamba kuwawerengera mafunso mokweza. Kenako kuloza ndi chala, "Tayang'ananso apa, mwanawe." Kenako kumatsokomola akafika pa yankho lolondola. Ana oyenera kupeza 10 anapeza ma 50, anapita kwawo akudumphadumpha. Madamu anatumiza malikisiwo osaganiza n'komwe, system n'kuwakhoma loko.

Miyezi itatu anavutika nawo ana aja, dzuwa likuswa mtengo, choko mpaka m'tsitsi. Mayeso achiwiri sanatsokomole ngakhale kamodzi. Ana analemba okha, n'kupeza ma 58, ma 60. Kachete 61, yekhayekha! Koma fomu inangochotsera: gain 9, ana akwera ndi 9 basi. Bokosi lofiira.

AMasamu, mphunzitsi wa masamu wokonda kuseka za eni, anasuzumira pa phewa pawo.

"Iii asisi, chifundo chinapha nkhwali. Inu mayeso oyamba amathandiza ana? Anzathu a sukulu ya kuseri kwa msika anauza ana awo kuti alembe zolakwa dala. Ziro, ziro, ziro. Panopa ali ndi gain 60, bwana wa ku ofesi akuwatchula pa meeting iliyonse."

"Koma ana anga akuwerenga, aMasamu. Lowani mukawamve."

"Ine ndikawamva. Nanga tabuletiyi ili ndi makutu?"

Madamu anapita kwa aHedi. AHedi anavula magalasi, n'kuimbira ku ofesi ya maphunziro, foni pa loudspeaker. Wa ku ofesi anayankha mkamwa muli chakudya.

"Baseline, malikisi oyamba aja, sitisintha, bwana. Ngati pali nkhani, pansi pa fomu pali bokosi la comment."

Bokosilo limalola zilembo 75 basi. Madamu anayamba kulemba: Mayeso oyamba ndinawathandiza ana chifukwa ankalira, malikisi enieni anali... Zilembo zinathera pomwepo. AHedi anawalanda tabuleti n'kufufuta.

"Mwana wanga, mukufuna kudzipereka nokha? Mukalemba kuti munaonetsa ana mayeso a boma, mawa kalata ya disciplinary, ine ndi inu tonse. Ine ndatsala ndi zaka ziwiri kuti ndipume, musandiphere ana."

"Ndiye nditani, aHedi? Kalasi itsekedwe?"

AHedi anavalanso magalasi, n'kuyang'ana kalendala ya pakhoma ngati muli yankho.

"Ine sindinanene kanthu. Tabuleti ili m'manja mwanu."

Lachitatu Madamu anaphunzitsa. Lachinayi anaphunzitsa. Ana anali atayamba kumene ziganizo zazitali, zija zokhala ndi koma pakati. Ankafunika teremu ina, mwina materemu awiri. Akabwerera m'makalasi a m'mawa, ana 90 mphunzitsi mmodzi, akakhala kumbuyo n'kuiwala zonse, zimenezo Madamu ankazidziwa ngati dzina lawo.

Lachisanu 3 koloko anakhala pa desiki ya mwana, tabuleti pa maondo. AMasamu anaima pakhomo.

"Onjezani 20 aliyense, asisi. Musachite kuyeza ngati mankhwala. Mukanama muzinama mokhuta."

Madamu anayamba ndi dzina loyamba. 58 inasanduka 78. 60 inasanduka 80. Atafika pa Kachete chala chinaima. 61 ija mwanayo anaivutikira yekha, chilembo ndi chilembo, akuluma mlomo. Anaifufuta, n'kulemba 81. Bokosi lofiira linasanduka lobiriwira. Netiweki inavuta monga mwa nthawi zonse, anachita kutuluka panja n'kukweza tabuleti m'mwamba ngati akupempha mvula. Submit.

Yankho silinachedwe ngakhale mphindi imodzi.

Congratulations! 33 out of 34 learners have recovered.

AMasamu anaomba m'manja. Madamu anatsitsa uthengawo mpaka pansi, pomwe panali tizilembo ting'onoting'ono. Mwana aliyense wopeza 70 kupita m'mwamba wachira, atuluke m'pulogalamu. Kalasi yotsala ndi ana osakwana 15 itsekedwe. Mabuku ndi tabuleti zibwezedwe ku ofesi pasanathe masiku asanu.

"Zimenezi zinalembedwa pati?" anafunsa Madamu atafika mu ofesi ya aHedi.

AHedi anafukula sekyula ya boma ya pulogalamuyo m'dirowa, masamba 40, ena omatana chibwerereni. Tsamba 31. Zinalipo ndithu. Panalibe amene anafika tsamba 31.

"Aa, komatu mwaitchukitsa sukulu," anatero aHedi motsitsa mawu. "A ku ofesi angoimba kumene, akuti Lolemba abwera ndi satifiketi. Mudzavale bwino, kuli chithunzi."

AMasamu ulendo uno nthabwala inawathawa. Anangoti, "Pepani asisi, ine ndimati tikuthandizana," n'kutuluka.

Lolemba wa ku ofesi anabwera 1 koloko, nsapato zonyezimira, katoni m'manja. Chithunzi anajambula, Madamu pakati, satifiketi pachifuwa, mano panja chifukwa anauzidwa kuti amwetulire. Kenako mabuku onse analowa m'katoni, tepi pamwamba, galimoto n'kunyamuka.

2 koloko ana anafika monga mwa masiku onse, akuthamangitsana. Anapeza shelefu ili mbee, chitseko chili ndi chipepala. Anaunjikana pamenepo, Kachete patsogolo, chala pa mzere woyamba.

"Ka-la-si i-no ya-tse-ke-dwa chi-fu-kwa o-phu... o-phu..."

Anakakamira pamenepo. Anayesanso, n'kukakamiranso. Anacheuka.

"Madamu, mawu awa akuti chiyani?"

"Ophunzira."

"Ndiye ophunzira atani?"

Madamu anayang'ana satifiketi imene inali idakali m'manja mwawo, inki ya siginecha isanaume bwino.

"Akuti mwatha kuwerenga nonse. Pitani kwanu."

Palibe anasuntha. Wina kumbuyo anafunsa ngati mawa abwere ndi makope.