Chuku pa Tiana ta Hela

Wanda anaponya chikwama pakhomo n'kuthamangira kuchipinda chaching'ono asanavule ngakhale jekete. Ankachokera kumudzi kwa mng'ono wake, kumene anakayatsa makandulo pamanda a makolo awo, ndipo njira yonse m'sitima mtima unali pa tiana ta Hela.

Hela anali kangaude wamkulu waubweya, wotambalala ngati chikhatho. Wanda ankamuweta m'bokosi lagalasi chipumireni pantchito yoyendetsa basi mumzinda wa Bytom. Chaka chimenecho Hela anaswa koyamba. Tiana take, tochepa ngati chikhadabo, tinali kalikonse m'kabotolo kake, ndipo timabotoloto tinadzaza mashelefu awiri.

Anapeza mashelefu onse atafunditsidwa bulangete.

"A Leszek, tabwerani. Wagona apa ndani?"

Mwamuna wake anatulukira atanyamula kapu ya tiyi, nkhope ili ngwee. "Ana anuwo, mayi. Zenera ili limalowetsa mphepo. Ndawafunditsa, ndipo timabowo ta pazivindikiro ndamata ndi tepi. Ntchito ya tsiku lathunthu imeneyo."

Leszek ankaopa mphepo yodutsa m'nyumba kuposa wakuba. Kwa iye khosi louma, khutu lowawa, nyamakazi, zonse zinkabwera ndi mphepo. Nthawi yozizira ikangoyamba ankatseka mazenera ndi thonje mpaka maluwa adzaphuke.

Wanda anakoka bulangete. Timabotolo tinali titachita thukuta mkati. Ananyamula kamodzi, n'kuyang'ana ndi galasi lokuza. Kamwana kanali katapinda miyendo pansi pa mimba, pakamwa pake patamera chuku choyera ngati thonje. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu kankayenda, koma mwendo umodzi unali mbuu.

"Mwawaphika ana anga, bambo inu."

"Ndimati ndiwasamale."

"Kusamala kwanu n'kwa nkhuku yogonera anapiye mpaka kuwaphwanya. Pitani mukaitane Ilona. Ndipo musayambe kufunafuna mpango, ndi pansi pomwepa."

Ilona, amene ankakhala m'nyumba yapansi pawo, ndiye anamuphunzitsa Wanda kuweta akangaude. Anakwera masitepe ufa uli m'manja, poti anali mkati mokanda. Anayang'ana timabotolo kamodzikamodzi, akusiyanitsa todwala ndi tabwino. Kenaka anaima.

"Amayi Wanda, nanga awa a pakona?"

"Pamenepo tepi inandithera," anatero Leszek chapansipansi. "Bulangetenso silinafike."

Timabotolo ta pakona tinali touma, timabowo tili pululu. Koma mmenemonso munali chuku, mwina kuposa mwina monse. Pamene pakati, pomwe Leszek anamata mosasiya mpata, tiana tambiri tinali tangwiro, tikulukaluka ulusi.

Leszek anaika kapu patebulo pang'onopang'ono. "Ndiye kuti wophika ana uja si ine?"

"Musavine msanga," anatero Wanda. "Mlandu suola."

"Chinthu ichi chinandipezanso chaka chatha," anatero Ilona. "Ndinasintha dothi, ndinasintha chakudya, ndinapita nato kwa dokotala wa ziweto. Anayang'ana, n'kundiuza kuti iye amadziwa agalu. Anzathu ena amati chimabwera ndi tizilombo towadyetsa, ena amati chimachokera m'dzira momwe. Wodziwa palibe."

"Tinachira tingati?"

"Musandifunse zimenezo. Ine ndinachedwa."

Wanda anavula jekete. Za kukhala pansi n'kumalira analibe nazo nthawi. "Ifeyo sitichedwa. Ilona, yatsa uvuni, tiwotche dothi latsopano. A Leszek, tsitsani mabotolo onse osungiramo nkhaka, muwawiritse. Mukatero mutenthetse singano muziboola zivindikiro. Mabowo ambiri, osati aumbombo."

Nyumba inasanduka msika. M'khitchini munkanunkha dothi lopsa, nthunzi ili tolotolo. Todwala anatipititsa kubafa kuti tikhale patokha. Wanda ankasamutsa tabwino ndi kaburashi kofewa, akukankha kalikonse kumbuyo ngati mbuzi yokana kulowa m'khola. Kamodzi kanadumpha n'kuthamangira mu mkono wa malaya a Leszek. Bamboyo, amene sanakhudzepo kangaude chibadwire, anauma ngati chipilala.

"Kali pachigongono. Kakukwera. Mayi, kakukwera."

"Musagwedezeke. Mukakaphwanya mugona pakhonde."

"Kakandiluma?"

"Kadwala ndi iko. Magazi anu ndi tiyi yekhayekha."

Ilona anaseka mpaka kugwira khoma. Anamuvula malaya mosamala, n'kukapeza katakhala phee paphewa.

Atamaliza, Wanda anaima pakati pa chipinda n'kununkhiza. Mpweya unali wolemera ngati wa m'chitsime.

"Mabowo okha sakwanira. Zenera litsekuke."

Leszek anayang'ana zenera, n'kuyang'ana mkazi wake. "Inu nomwe mwaona kuti si tepi yanga."

"Ndaona. Chimene chawadwalitsa sindikuchidziwa. Koma chuku ndimachidziwa kuyambira pa buledi: chimakonda ponyowa ndi potsekeka. Walira mvula walira matope, bambo. Munati ndi ana, aleleni."

Leszek anatuluka. Anabwerera atavala chipewa chaubweya ndi mipango iwiri, n'kusolola yekha thonje la m'zenera. Analitsekula kampata kolowa chala, kenaka anathawira kukhitchini. Wanda anasunthira mashelefu pafupi ndi chipaipi chotenthetsa nyumba kuti tiana tisazizidwe.

Masiku otsatira anali oika maliro. Ta kubafa tinkafa kamodzikamodzi, ndipo ngakhale mwa tabwino tija tina tinagwidwa popanda chifukwa chooneka. Koma chuku chinayamba kuchepa.

M'mawa wina Leszek anatuluka kubafa ndi botolo m'manja. "Kaja kamwendo woyera katisiya. Kagona chagada. Ndikakataye?"

Wanda anamulanda botolo n'kuika galasi padiso. Kenaka anamugwira mkono mwamphamvu.

"Kangaude wakufa amapinda miyendo, sagona chagada. Kakufundula aka. Taonani."

Anagundanitsa mitu pabotolo. Kamwanako kankasolola miyendo m'chikopa chakale pang'onopang'ono, ngati munthu wovula masokosi onyowa. Mwendo wodwala uja unatuluka womalizira, wosalala, wopanda kadontho. Chuku chonse chinatsalira pachikopa.

"Kavula," ananong'ona Leszek. "Matenda kawavula ngati malaya." Anathamangira kumasitepe akuitana Ilona, wopanda chipewa, chitseko atachisiya pululu.

Wanda anali atalonjeza anzake oweta akangaude kuti adzawagawira tiana ta Hela pamsonkhano wawo wa mwezi womwewo. Tsiku lomwelo anawaimbira onse kuti asadikire: palibe kamene kadzatuluke m'nyumbamo kasanafundule kawiri kali kopanda chuku. Ena anadandaula. Iye anati matenda osadziwika dzina sugawira anzako.

Inu amene mumaweta tinthu tating'ono, musachite ngati Wanda, kuchoka osamuuza wotsala pakhomo chochita ndi chosachita. Muuzeni zonse, ngakhale zooneka zachibwana. Ndipo tepi mubise.