Jamin Adya Ngati Mlendo

Nthawi inali itakwana 3 koloko masana ndipo odzadya onse anali atapita. Kalesitilanti kameneka kanali m'mbali mwa msewu wopita ku Kuala Pilah, matebulo asanu ndi limodzi pansi pa malata, ndipo eni ake ankadya nthawi ngati imeneyi. Rokiah, mng'ono wake wa malemu Zaharah, ankasonkhanitsa ndiwo zotsala m'mabeseni. Mwamuna wake Samsuri anali atakhala kale pansi, akudzikupiza ndi chipewa. Jamin, mwamuna wa malemuyo, anatulukira kuseri akununkha utsi.

Dzulo lake anali atachita sadaka yokumbukira kuti patha masiku 100 chimwalirireni Zaharah, ndipo onse atatu ankadziwa chotsatira. Nyumba, malo ndi lesitilantiyo zinali za mbumba ya kuchikazi. Zaharah sanasiye mwana wamkazi woti asunge bambo ake, ndipo mwana wawo yekhayo, wamwamuna, anali kuchikamwini ku Rembau. Mwamuna akafedwa chonchi amabwerera kwa alongo ake, pokhapokha eni mbumba atanena kuti khalani. Jamin ankadikira mawu amenewo.

Analunjika kuseri kwa chitseko kumene kunkakhala mbale yake yachitsulo yosupuka m'mphepete. Zaka 31 ankadzipakulira yekha m'mbale imeneyo.

"Khalani pansi, alamu," anatero Rokiah. "Lero ndikupakulirani ndine."

Jamin anaima kaye, kenaka anakhala. Rokiah anabwera ndi mbale yagalasi yamaluwa, ija imatuluka pa Idi pokha. Munali mpunga, nyama ya ng'ombe yowamba yophikidwa mu msuzi wachikasu wa kokonati ndi tsabola, chigwada, ndi kansomba kamchere pambali. Anatenganso ketulo n'kumuthirira madzi m'manja.

"Ehe, lero kwabwera nduna!" anatero Samsuri. "Ine zaka zonsezi ndimadzitapira ndekha ngati mphaka wakuba, palibe anandisambitsapo m'manja."

"Inu idyani mwakachetechete," anayankha mkazi wake. "Chimimba ngati ng'oma ya kumzikiti, mukufunanso wokupakulirani?"

Samsuri anaseka yekha, ndipo kusekako kunangothera panjira.

Jamin anatchula dzina la Mulungu, anasakaniza mpunga ndi msuzi ndi nsonga za zala, n'kuyamba kudya. Nyamayo anaiwamba yekha. Anthu ankachokera kutali kudzadya nyama imeneyi, ndipo Zaharah ankakonda kuwauza kuti msuzi ndi wake koma utsi ndi wa amuna ake. Rokiah anali ataphika bwino. Tsabola anali wokwanira, mchere wokwanira, kungoti msuziwo unali wopyapyala pang'ono, poti Zaharah ankafinya kokonati kamodzi kokha. 

"Makoko a kokonati owambira nyama atsala a sabata imodzi," anatero Jamin, maso ali m'mbale. "Ndikauze a Leman, otigulitsa aja, abweretse ena? Mvula ikayamba ouma amasowa."

Rokiah anapukuta tebulo pamalo pomwe panali poyera kale.

"Apita a Samsuri. Aphunzire nawonso."

"Iwowa?" Jamin anayesa kumwetulira. "Nyama aipsereza iwowa. Moto amauona ngati mpikisano."

"Mundionetsa, alamu," anatero Samsuri motsitsa mawu.

Lole yonyamula mitengo inadutsa mumsewu, malata n'kunjenjemera. Itapita, Rokiah analankhula mofulumira ngati wothawa mawu ake omwe.

"Amalume akuti m'nyumba ya achemwali alowemo mwana wanga akakwatiwa mwezi wamawa. Ine ndinati dikirani kaye, koma mukuwadziwa. Alongo anu a Kalsom anaimba foni. Akuti chipinda akonza, abwera mawa m'mawa."

"Chabwino," anatero Jamin. "Mwambo sunayambire pa ine."

"Muzibwera, alamu. Si kutali."

"Ndizibwera."

Anamaliza mpunga wonse, osasiyako ngakhale njere. Rokiah ananyamula beseni.

"Ndiwonjezere?"

"Ndakhuta, zikomo."

"Pang'ono pokha. Nyama yokhayi."

"Ayi, zakwana. Mwaphika bwino kwambiri."

Atangotero anazindikira kuti wayankha ngati mmene alendo amayankhira. Rokiah naye anamva. Anatenga mbale yamaluwayo n'kupita nayo kotsukira, ndipo anakhalitsa kumeneko, mpopi ukungothira madzi.

M'mawa mwake, atachoka kumapemphero a swala, Jamin anatenga Samsuri kupita naye kuseri. Anamuonetsa kayalidwe ka makoko, ndi kuwaza madzi moto ukafuna kulilima.

"Nyama imafuna utsi, moto ayi. Mukaona lawi, mwachedwa kale. Ndipo musamachokepo kukacheza."

"Ine kucheza? Ndinayamba liti?"

"Tsiku limene munabadwa."

Galimoto ya Kalsom inafika 8 koloko isanakwane. Katundu wa Jamin anali zikwama ziwiri ndi mkeka wopemphererapo. Akuika zimenezi kumbuyo, wogulitsa nsomba anaima ndi njinga yake yamoto monga ankachitira tsiku lililonse.

"A Jamin! Milamba ya lero ndi yonona, bwerani muone. Mutenga ingati?"

Jamin anayenda mapazi awiri kulowera kunjingako, kenaka anaima. Analoza kukhitchini.

"Funsani mayiwo," anatero, n'kutsegula chitseko cha galimoto.