Khadi Lowombolera Omkar

Timu ya kriketi imene Omkar anaiponyera mpira zaka zisanu ndi ziwiri itamuchotsa pamndandanda, mphunzitsi wake, a Pillai, anamugwira paphewa.

"Usadandaule mphwanga, nkhalamba yathu tingaitaye? Kumsika wa osewera wina akakugula, ife tikweza khadi lowombolera, ubwerera konkuno."

Tsiku la msika wa osewera, Omkar anaonera yekha pawailesi yakanema kwawo ku Pune, tiyi mpaka kuzizira. Dzina lake litaitanidwa, palibe timu imene inakweza dzanja. Khadi lija limagwira ntchito pokhapokha wina akakufuna, komabe a Pillai akanatha kuyamba okha kutchula mtengo.

Nyundo ya wogulitsa inagunda, Omkar osagulidwa. Anawaimbira foni a Pillai. Pakanemapo anawaona akuiyang'ana, kenako n'kuivundikira patebulo.