Ndinasesa Magazi a Amuna Anga

Ndinali m'munda wa thonje pamene ndinamva phokoso lija, khooo! Kenaka zii. Chinali chaka cha 1954, nyengo yokolola. Munda wathu kwa Nsamala unagundana ndi msewu wochokera ku Liwonde kupita ku Balaka, ndiye ndinangoponya dengu n'kuliyatsa liwiro.

Mayo ine! Anali amuna anga, a Blasius. Ankachokera ku Shire kokapikula nsomba zouma, ndipo nsombazo zinali mbwee msewu wonse. Njinga yawo inali itapindika ngati waya. Za mwendo wawo wamanja musandifunse. Lole ya mzungu wina wa esiteti ya fodya inali itaima chapatsogolo, dalaivala wake, Swaibu, manja ali kumutu. Ndinamutukwana mpaka mawu anandithera. Komabe ndi yemweyo amene anawanyamula pa lole kupita nawo ku chipatala ku Zomba. Ine ndinatsala chifukwa ndinali ndi khanda kunyumba.

Fumbi litatha, ndinayang'ana pansi. Magazi! Kwathu kuno ngakhale mwana amadziwa kuti magazi a munthu sagona panjira. Wina wa mtima woipa akangotapako kadothi, basi, bala silipola mpaka kumanda. Ndife Akatolika, inde, koma pa zimenezo palibe amene amachita masewera. Ndinaitana mlamu wanga Bernadetta, tinatenga makasu n'kupala dothi lonse lofiira, n'kukalikwirira kuseri kwa nyumba. Kenaka ndinagwira tsache. Ndinasesa paliponse pamene panadontha magazi, pamodzi ndi mizere ya mateyala imene inapatuka mumsewu n'kulowa m'kanjira ka m'mbali koyendamo anthu. Ndinathirapo ndi madzi. Ndinabwerera kunyumba mtima uli m'malo, ndikuti ndawateteza.

Tsiku lachitatu kunabwera sajeni wa polisi, munthu wachikulire, ali ndi tepi yoyezera ndi kabuku.

"Mayi, ndionetseni pamene panachitikira ngozi."

Ndinawaonetsa. Anayang'ana uku, anayang'ana uko, n'kundiyang'ana ine.

"Pano? Poyera ngati pabwalo la tchalitchi pano? Mizere ya mateyala ili kuti?"

"Ndinasesa, bambo."

Kabuku kaja kanawagwa m'manja.

"Munatani?"

"Panali magazi. Nanga ndikanawasiyira afiti?"

Sajeni anakhala pansi, pamsewu pomwepo, yunifolomu ndi fumbi. Anandifotokozera pang'onopang'ono ngati akulankhula ndi mwana. Lamulo la boma limati galimoto ikasiya njira yake n'kuvulaza munthu, mwini wake alipire. Mwendo wa a Blasius anali ataudula dzulo lake, ndipo mzunguyo akanalipira ndalama zoti munthu n'kuyambira moyo wina. Koma Swaibu, poopa kuchotsedwa ntchito, anali atanena kale kuti njinga ndiyo inadzandira n'kulowa pakati pa msewu. A Blasius sankakumbukira kanthu. Mboni yokhayo inali mizere ija.

"Koma ine ndinaiona ndi maso angawa! Inalowa m'kanjiramu! Ndikalumbira pa Baibulo!"

"Iyayi, mayi. Bwana woweruza akati mkazi akuikira kumbuyo mwamuna wake. Ndipo akafunsa kuti munafafaniziranji. Mlandu umenewu wafera pano."

Ndinagwada n'kuyamba kufukula fumbi ndi zala ngati nkhuku, kuti mwina katsalako kamzere. Kalanga ine, ndinali nditasesa bwino kwambiri.

Loweruka ndinabereka khanda, ndinaoloka Shire, ndinakafika ku Zomba. Ndinawapeza a Blasius atatsamira pilo, bulangeti litaphwa pamene panayenera kukhala mwendo. Koma taonani, munthu akumwetulira!

"Amake Emmie, musalire," anatero. "Kalaliki wina muno wandiuza kuti mzungu uja alipira. Ndaganiza kale. Tigula makina osokera, opukusa ndi dzanja aja. Ndizikhala pakhonde la sitolo ku Balaka n'kumasoka. Ana sagona ndi njala. Nanga apolisi anabwera kudzayeza?"

Ndinafuna kunama, Mulungu ndi mboni, koma bodza linakana kutuluka. Ndinawauza zonse, za makasu, za tsache, za madzi.

Kumwetulira kuja kunazima. Anayang'ana kudenga. Ine ndinaweramitsa mutu kudikira mbama, ndipo ndikanailandira ndi manja awiri.

"Ndiye kuti palibe chimene tipate?" anafunsa.

"Palibe."

Anapumira m'mwamba. Kenaka anatambasula dzanja n'kugwira langa, dzanja lomwelo limene linagwira tsache.

"Mukanakhala inu mutagona pamsewupo, nanenso ndikanasesa," anatero.

Bola akanandimenya. Ndinalira mokuwa mpaka anamwino anabwera kudzanditulutsa panja.