Funso la Mlamu pa Famu ya kwa Maseya

Kutatsala masiku atatu kuti Fanuel akwatire Monalisa, anzake anamutengera ku famu ina ya kwa Maseya kuti akatsanzikane ndi umbeta. Amene anakonza zonse anali Alick, mnzake wa ku esiteti ya nzimbe. M'mawa amayenera kuphunzira kuwomba mfuti, masana n'kulawa mowa umene mwini famuyo, mayi Clotilda, amafulula okha: wa malambe, wa masau, wa mapira.

Anapita asanu ndi mmodzi. Pakati pawo panali Witness, mchimwene wa Monalisa. M'galimoto, anzake akamaseka, iye ankangoyang'ana minda ya thonje pawindo.

Wowaphunzitsa anali bambo Sebastiano, omwe analondera nyama zakutchire zaka makumi awiri. Anawaimika pamzere moyang'anana ndi chulu chachikulu, pomwe anazikapo zitsulo zitatu zopenta zoyera.

"Mowa uli mufiriji, ndipo sutuluka ndisanakhomere mfutiyi m'bokosi," anatero. "Mpope wa mfuti uziloza kuchulu nthawi zonse. Chala chisapite pokhethemulira ndisananene. Ndikati leka, muleke."

Anawaonetsa kaimidwe, kuika mfuti paphewa, ndi kuikoka ndi dzanja lamanzere kuti chipolopolo chilowe. Alick anayamba, mfuti n'kumukankha phewa mpaka kudzandira. Onse anaseka. Fanuel analasa ziwiri, n'kuphonya chimodzi.

Kenako inafika nthawi ya Witness. Bambo Sebastiano anamuikira zipolopolo zitatu. Anawomba koyamba, chitsulo chinalira. Kachiwiri chimodzimodzi. Anakoka mfutiyo, chipolopolo chachitatu n'kulowa, koma sanawombe. Anagwedeza mutu mpaka chotseka m'makutu choteteza ku phokoso la mfuti chinagwera paphewa.

"Alamu," anatero osatembenuka, "Esinala wa kwa Makhuwira ndi ndani?"

Esinala anali mkazi amene Fanuel anabereka naye mwana pamene ankagwira ntchito kutsidya kwa Shire. Anasiyana kalekale. Mwanayo ankakamuona mwezi ndi mwezi, koma anali asanamuuze Monalisa za iye. Tsiku lililonse ankati amuuza mawa.

"Tikambirane mukatula mfutiyo, alamu."

"Ndafunsa pano."

Witness anayamba kutembenuka. Mpope unachoka pachulu, n'kudutsa mtengo wa msangu, n'kumayandikira pomwe anzakewo anaima. Chala chake chinali chidakali pokhethemulira. Alick anabwerera m'mbuyo, n'kupunthwa pa mgolo.

"Leka," anatero bambo Sebastiano. Sanakweze mawu. Anasuntha pang'onopang'ono mpaka anaima pambali pa Witness, dzanja litatambasuka. "Achimwene, mpope kuchulu."

"Ayankhe kaye."

Fanuel anaganiza zokana, koma anaona kuti chala cha Witness sichinachoke pokhethemulira.

"Ndi mayi wa mwana wanga," anatero. "Dzina lake Tamanda. Ali ndi zaka zitatu."

"Monalisa akudziwa?"

"Ayi."

Palibe anasuntha. Kutali kunkamveka pampu ya madzi ikugunda. Witness ankapuma ndi pakamwa, thukuta likutsikira m'maso. Bambo Sebastiano anagwira mpope chapansi, n'kuukwezera kumwamba, dzanja lina n'kuchotsa chala cha Witness. Iye sanalimbane nawo. Bambowo anatenga mfutiyo, kuikoka, chipolopolo chofiira n'kugwera m'fumbi.

"Takhuta," anathokoza m'Chisena, uku akuchitola. "Maphunziro athera pomwepa."

Witness anakhala pansi. Anayang'ana chulu, kenako pomwe panaima Fanuel.

"Sindimafuna kuwomba munthu, madala. Sindinadziwe kuti yatembenuka."

"Ndikudziwa. Ndaikapo m'manda mnzanga chifukwa cha munthu amene sanadziwe. Pano musadzagwirenso mfuti."

Pakhonde la famuyo mayi Clotilda anali atandanda timatambula, titatu pa munthu aliyense. Sanadziwe zomwe zachitika. Anayamba kufotokoza kuti wa malambe ndi wowawasa pang'ono, ayambe ndi umenewo, wa mapira ukhale womaliza. Alick anakhuthula atatu onse motsatizana, osamva ngakhale kukoma kwake. Mayiwo anaona nkhope zawo, n'kusiya kulongosola.

Witness anakhala kumapeto kwa benchi, tambula ili m'manja.

"Ndinakumana ndi Esinala ali ndi mwana pa msika wa ku Nchalo Loweruka lapitali," anatero. "Mwanayo ndi nkhope yanu yeniyeni. Mukamuuze mchemwali wanga lero. Mukapanda kutero, ndikamuuza ndine."

Fanuel anakankhira matambula ake kwa mnzake wina. Anapempha makiyi a galimoto kwa Alick, n'kunyamuka yekha.

Anakamupeza Monalisa kwa telala, akuyeza diresi la ukwati. Anamuitanira panja, n'kumuuza zonse. Mkaziyo anamvetsera mpaka kumapeto, mapini akadali m'chiuno, osalira. Anangofunsa dzina la mwanayo, kenako anati ukwati wa Loweruka kulibe.

Patapita milungu itatu Monalisa anakwera yekha kabaza kupita kwa Makhuwira. Anakhala ndi Esinala masana onse. Zomwe anakambirana Fanuel sakuzidziwa mpaka lero. Fanuel ndi Monalisa anakwatirana mu Novembala, mvula yoyamba itagwa, pa mwambo wa anthu ochepa. Witness anabwera, anapereka moni kwa mlamu wake ndi manja awiri, koma anakadyera patebulo lina.