Khanda la Pakhomo ku Noruwega

Chombo cha alendo okaona malo chinaima m'mawa pa katawuni kena ka m'mbali mwa nyanja ku Noruwega, ndipo Zefa anatsika akukankha njinga ya olumala ya a Dona Isabel. Mayi okalambawa anali Apwitikizi obadwira ku Furancungo ku Mosambike, mwana wa mwini kantina, sitolo yaing'ono, ndipo Chichewa ankachilankhula moti utatsinzina sukanadziwa kuti ndi mzungu. Nkhondo itakula anathawira ku Lizibowa, natenga Zefa kuti aziwasamala. Zefa, wa ku Ntengo-Wambalame m'boma la Tsangano, anasiya mwana wake Avelino kwa mkulu wake ku msasa wa othawa nkhondo, kutsidya kwa malire.

Xavier, mwana wa a Dona, ndiye ankayendetsa zoti Avelino atsatire mayi wake. Ponyamuka pa ulendowu anamuchenjeza mosapita m'mbali: "Ukakangopalamula kwa apolisiya kumeneko, za mwana wakozo uiwale."

Katawuniko kanamusangalatsa Zefa. Nyumba zinali zamatabwa, zofiira, zoyera ndi zachikasu, zomangidwa pamiyala penipeni. Nsomba anali ataziyanika pamitanda italiitali.

"Onani, a Dona, ngati fodya wa ku Chidzolomondo m'chigafa!"

"Fodya sanunkha chonchi, menina, mtsikana iwe. Kankha, ndikufuna kafe. Mafupa anga aumiratu."

Anawalowetsa m'nyumba yogulitsira kafe n'kuwakhazika pafupi ndi zenera. Iye anatulukanso, chifukwa kutsidya kwa msewu anali ataona mbatatesi pa thebulo ndipo ankafuna kuzigwira, aone ngati zikuposa za kwawo ku Tsangano. Koma asanawoloke anamva kakulira pansipansi. Pambali pa khomo panali kangolo ka mwana, m'katimo muli khanda lofiira masaya, lokutidwa ndi bulangete mpaka m'chibwano.

Anayang'ana uku ndi uku. Anthu ankangodutsa. Mphepo yochokera panyanja inali yolasa m'makutu. Anadikira, koma palibe anabwera, ndipo khandalo linayamba kulira kwenikweni.

Tsiku lomwe mfuti zinalira ku Ntengo-Wambalame, Zefa anatola mwana wa mnansi wake m'mizere ya mbatatesi, n'kuwoloka malire ndi ana awiri, wake ndi wa mnansiyo, wina kumbuyo wina kutsogolo. Kuyambira pamenepo ankadziwa chinthu chimodzi: mwana ukamupeza yekha, uyambe wamunyamula, mwini umufunse pambuyo. Anamasula kapulana, chitenje chake cha m'chiuno, nawerama, n'kuliika khandalo pamsana. Anamanga mfundo ya pachifuwa, kenako ya pamimba, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono kulowera kumsika akufunsa ndi manja aliyense amene wakumana naye.

Sanapite patali. Kumbuyo kwake kunamveka mfuu. Mayi wina wamtali, tsitsi ngati ndevu za chimanga, anali atagwira kangolo kopanda kanthu kaja akukuwa. Anthu anayamba kuloza Zefa. Bambo wina wa chipewa cha apolisiya anatulukira pakona n'kumuimitsa.

Zefa anaima. Mawu a Xavier anamubwerera, ndipo anaona Avelino akukulira kumsasa kuja, akumuitana mkulu wake kuti mayi.

Apo n'kuti a Dona akugogoda zenera ndi ndodo. Mtsikana wogulitsa kafe anawakankhira panja pa njinga yawo.

"Iwe Zefa! Unapitira mbatatesi kapena mwana?"

"Anamutaya, a Dona. Pamphepo ngati imeneyi! Ndikanatani ine?"

A Dona anatembenukira kwa wapolisi uja n'kuyamba Chingelezi chawo chothyokathyoka, chosakaniza ndi Chipwitikizi, ndodo ili m'mwamba. Anatchula Mosambike, anatchula nkhondo, anasonyeza ndi manja ana awiri, kumbuyo ndi kutsogolo. Mayi wamtali uja anamvetsera akupumira m'mwamba. Kenako anagwira Zefa padzanja n'kumuzungulitsa kuseri kwa nyumbayo. Kumeneko, m'mbali mwa khoma, kunali tingolo tina titatu, muli makanda ali m'tulo.

"Akuti ndi mwambo wa kuno," anatero a Dona. "Amawagoneka panja kuti akhwime. Iyeyu amamuyang'anira pazenera, anangopita kuchimbudzi."

"Dala? Amawasiya dala?" Zefa anagwira pakamwa. "Nanga afisi?"

"Fisi wa ku Noruwega ndiwe."

A Dona anamasulira mawu amenewo, ndipo wapolisi uja anaseka mpaka kuvula chipewa. Mayi uja sanaseke. Ankasuzumira pamsana pa Zefa, pomwe mwana wake anali atagona pakamwa pali yasa, tsaya litapanikizika paphewa. Ananena kanthu motsitsa mawu.

"Akuti mwanayu akumera mano, sakugona, iyenso sakugona. Akufunsa wamupatsa chiyani."

"Msana basi. Muuzeni awerame."

Pakati pa msewu pomwepo Zefa anatsitsa khandalo n'kuliika pamsana pa mayi wake. Mayiyo anawerama mowuma ngati munthu woti sanagwirepo khasu.

"Awerame ndithu, a Dona, sathyoka! Miyendo ya mwana itulukire m'mbalimu. Amange mokoka, asamumvere chisoni."

Ulendo woyamba mfundo inamasuka, khandalo n'kutsetsereka, Zefa n'kuliwakha. Wachiwiri inagwira. Mayi uja anaweramuka pang'onopang'ono, manja onse ali m'mwamba, akudabwa kuti alibe chonyamula. Wapolisi anavala chipewa chake n'kumapita.

Lipenga la chombo linalira. Mayi uja anayamba kumasula kapulana kuti abweze, koma Zefa anamugwira manja n'kupukusa mutu. Mayiyo anathamangira kutsidya kwa msewu, mwana akugwedezeka kumbuyo, n'kubwera ndi mbatatesi zodzaza kathumba.

Pobwerera kuchombo Zefa ankakankha njinga, kathumbako kali pamiyendo ya a Dona.

"A Dona, a Xavier mukawauza?"

"Ndikamuuza kuti kafe wa kuno ndi madzi okhaokha. Kodi panachitikanso china?"

Zefa anapumira pansi, n'kuseka.

"Koma kapulana yako yabwino ija wapereka," anatero a Dona. "Avelino akabwera udzamubereka ndi chiyani?"

"Ina ili m'sutikesi."

"Mwana woti pano akuthamanga yekha?"

"Athamange kumsasako. Akadzafika ku Lizibowa ndidzamubereka mpaka miyendo ikhwekhwereke pansi."

Atakwera, Zefa anatulutsa mbatatesi imodzi n'kuikanda ndi chikhadabo. Inali yolimba, yachikasu m'kati. Za kwawo zinali zazikulupo, koma iyi anaisiya pambali kuti akayese kuidzala m'chitini pakhonde ku Lizibowa.